Za Nthenda Zimene Apaulendo Abwera Nazo Kumudzi

M'midzi ya kuno kumapiri, mwezi wa Disembala ukayandikira maso a ambiri ali ku mseu wochokera kuchipata cha Dedza. Mabasi a ku Joni, ndiye Johannesburg, afika atalemedwa ndi katundu, ndipo m'midzi ya ku Bembeke, Linthipe, Lobi ndi Mayani mumveka nthungululu, pakuti mwana amene anachoka kale wabwera. Nkhuku iphedwa, kachewere aphikidwa, ndipo anansi asonkhana kudzaona zimene wawatengera.

Maulendo awa sanayambe lero iai. Agogo athu anayenda pansi kunka ku Halale, monga ankatchulira mzinda wa Salisbury umene tsopano uli Harare. Ena anatengedwa ndi Mthandizi kukalima m'minda ya ku Rhodesia, ndipo ena ndi Wenela kukakumba golide ku Joni. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nafa amuna a kuno 74 amene anali kubwerera kwao. Boma linaimitsa kulemba anthu, ndipo ngakhale kunayambanso pang'ono mu 1977, kunatheratu mu 1988. Koma njira siinatsekeke. Lero anyamata ndi atsikana apita okha pa basi, ena kukafuna nchito ku South Africa, ena kukachita malonda ku Tete, ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam.

Pa chipata a msonkho amasula masutikesi, nawerenga mabulangete ndi mapoto. Koma ulipo katundu wina amene iwo satha kumuona, ngakhale mwini wake samdziwa: ndiwo tizirombo timene tabisala m'mwazi, m'matumbo kapena m'chikhodzodzo mwa wapaulendo. Za katundu ameneyu tifuna kukamba nanu mwezi uno, ndipo mau athu akulu ndi awa: wobwera ku ulendo akadwala, apite msanga kukayezetsa, ndipo auze dotolo kumene anayenda, tsiku limene anachokako, ndi zimene anachita kumeneko. Pakuti nthenda zambiri ziyamba ndi nkhope imodzi, ndiyo kutentha thupi, koma iri yonse iri ndi mankhwala akeake, ndipo mbiri ya ulendo ndiyo ithandiza dotolo kuzisiyanitsa.

Tizirombo tiyenda pamodzi ndi anthu

Tizirombo timene tinena pano ndi tamoyo timene tikhala m'thupi la munthu ndi kudya za iye, monga nsabwe ikhala m'chobvala. Tina tioneka ndi maso, monga njoka za m'mimba. Tina sitioneka, koma ndi galasi lija lokuza tinthu tating'ono, lotchedwa maikulosikopu.

Kodi mudziwa kuti matekenya si a kuno? Kwao ndi ku America wa kumwera. Mu 1872 chombo china chochokera ku Brazil chinakocheza pa doko la Ambriz m'dziko la Angola, ndipo matekenya anatsika nacho, m'mchenga umene chinanyamula ndi m'mapazi a amalinyero. Kuchokera pamenepo anayenda m'zala za amtengatenga, asilikali ndi amalonda, kotero kuti zisanathe zaka 30 anali atadutsa Africa yense kufikira ku gombe la kum'mawa, nalowa ndi m'midzi yathu yomwe. Kachirombo kopanda mapiko kanaoloka nyanja ya mchere ndi dziko lonse, chifukwa munthu anakanyamula.

Tsono dziwani kuti kachirombo kali konse kali ndi dziko limene kakonda. Boma la Dedza liri pamwamba, mamita ngati 1,600, pamene Nyanja ya Malawi iri pa mamita osafika 500; chifukwa chake kuno kuzizira, ndipo udzudzu suchuluka monga ku Mtakataka ndi Golomoti, kapena ku chigwa chotentha cha Zambezi. Dotolo wa kuno akaona wodwala, ayamba kuganiza nthenda zimene aziona masiku onse. Mukapanda kumuuza kuti wodwalayo anagona ku Tete, kapena anagwira nchito ku Luangwa, adzadziwa bwanji kuti afunefune zina?

Malungo, nthenda yosadikira

Tiyambe ndi malungo, pakuti ndiwo apha msanga koposa. Kachirombo kake anayamba kukaona m'mwazi dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, ku Algeria mu 1880, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Udzudzu ukaluma munthu usiku, tizirombo tithamangira ku chiwindi, kumene tiswana mwakachetechete ngati sabata limodzi, munthu osamva kanthu. Pambuyo pake tituluka ndi kulowa m'mwazi, ndipo pamenepo mpamene mutu uwawa, thupi litentha ndi kunjenjemera. Ndicho chifukwa chake malungo sayamba asanathe masiku 7 chilumidwire. Kawirikawiri ayamba m'sabata lachiwiri, koma atha kuchedwa mwezi wathunthu kapena kupitirira.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Munthu wolumidwa ndi udzudzu chaka ndi chaka, thupi lake liphunzira kulimbana ndi malungo, kotero kuti akadwala sadwala kwambiri. Koma mphamvu imeneyi siikhalitsa. Munthu akachoka ku dziko la malungo, iyamba kutha. Mzinda wa Johannesburg uli pamwamba kuposa boma la Dedza, ndipo udzudzu wa kumeneko sufalitsa malungo. Mwana wanu akakhalako zaka zitatu kapena zisanu, thupi lake liiwala, ndipo abwera kuno ali ngati mlendo amene sanadwalepo. Nanga njira yake ndi yotani? Adutsa pa Beitbridge, napita ku Harare ndi Nyamapanda, naoloka Zambezi pa Tete, nthawi zina nagona panja pa chipata kudikira mapepala, m'nyengo ya mvula imene udzudzu uchuluka. Ndipo atafika, udzudzu wa kuno komwe umlandira, pakuti ngakhale kumapiri malungo alipo, makamaka dzinja.

Taonani tsono chimene chichitika m'nyumba zambiri. Patapita masiku khumi chifikire, mnyamata adandaula mutu ndi kuphwanya m'thupi. Iye ati, "Ine malungo ndinakula nao, sangandiopse," nagula mibulu ya panado pa golosale. M'mawa mwake apezako bwino pang'ono. Madzulo thupi litenthanso. Pamenepo amalume ayamba kunong'ona, nati, "Mwanayu anthu amchitira nsanje chifukwa cha malata amene wagula." Tsiku lachitatu litha ali kufunafuna wolodza, ndipo lachinai mnyamata sazindikiranso amai ake. Abale athu, malungo a mtundu wa falciparum, amene ndiwo achuluka kuno ndi ku Mozambique, atha kupha munthu wamkulu wamphamvu m'masiku owerengeka, ngati thupi lake linaiwala. Adzukulu amene anabadwira ku Joni, ndi amai apakati, ndiwo ali pa tsoka lalikulu koposa.

Kuyezetsa sikubvuta. Abaya chala, natenga kadontho ka mwazi, ndipo m'mphindi 15 kapena 20 kachida kaja kaonetsa ngati malungo alimo. Pa zipatala zazikulu, monga cha boma ku Dedza ndi cha ku Mua, ayang'ananso mwazi pa maikulosikopu. Akapanda kupeza kanthu koma thupi litenthabe, mubwerere m'mawa mwake akayezenso, pakuti tsiku loyamba tizirombo titha kukhala tochepa.

Mankhwala asintha pa zaka izi, chifukwa tizirombo tinazolowera akale. Dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993, linali loyamba mu Africa kutero, nilitenga Fansidar. Ndipo mu 2007 linasiyanso Fansidar nilitenga LA. Munthu wamkulu amwa mibulu 4 kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, yonse pamodzi 24: poyamba, kenaka patapita maola 8, ndipo masiku awiri otsatawo m'mawa ndi madzulo. Amwe atadya, makamaka chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka, pakuti mafuta athandiza mankhwalawa kulowa m'thupi. Asasiye panjira poona kuti wapeza bwino, ndipo asagawireko mnzake. Koma mukaona wodwala asanza chiri chonse, alephera kukhala tsonga, alankhula zosamveka, akomoka, abanika popuma, maso ake achita chikasu, kapena mkodzo wada ngati tiyi, musadikire kuti kuche. Ameneyo afunika jekeseni ya artesunate ndi kugonekedwa m'chipatala.

Ulipo mtundu wina wa malungo umene upezeka kwambiri ku India ndi ku Ethiopia, ndi wina ku maiko a kumadzulo kwa Africa. Tizirombo ta mitundu imeneyi tigona m'chiwindi miyezi yambiri, ndipo tidzuka munthu ataiwala kale za ulendo. LA atsuka mwazi koma safika pa togonato. Pafunika mankhwala ena, primaquine, amene dotolo apereka atayamba wayeza ngati mwazi wa munthuyo ungawapirire. Amene anayenda ku maiko amenewo anene, ngakhale papita chaka.

Ndipo tchuthi chikatha, mwana wanu pobwerera ku Joni mumtsanzike ndi mau awa: "Ukakatentha thupi kumeneko, ukanene kuti wachokera ku Malawi ndipo wadutsa ku Tete." Pakuti madotolo a m'mzinda wopanda malungo atha kuyesa chimfine, ndipo masiku atayika.

Kaodzera, pamene malungo sapezeka

Nthawi zina kachida ka malungo sikaonetsa kanthu, kapena wodwala amwa LA yense koma thupi silizizira. Pamenepo funsani: kodi anayenda kufupi ndi nkhalango za nyama? Kumeneko kukhala kashembe, nchenche yoluma usana mowawa, imene ipinda mapiko ake pamsana ngati sizasi. Iyo itenga kachirombo m'mwazi wa nyama za m'tchire, nikapereka kwa munthu. Nthenda yake ndiyo kaodzera.

Mtundu wa kaodzera wa kuno unadziwika chifukwa cha wapaulendo. Mngelezi wina analumidwa ku chigwa cha Luangwa mu 1909, nakafika akudwala ku Liverpool, kumene madotolo awiri, Stephens ndi Fantham, anaona kuti kachirombo kake kasiyana ndi ka ku Congo. Ndipo mu 1910 anakatcha rhodesiense, potsata dzina la dziko limene anakatenga. Kufikira lero kachirombo aka kalipo ku Luangwa m'dziko la Zambia, ndi kuno kwathu m'mbali mwa nkhalango za Vwaza ku Rumphi, Nkhotakota ndi Kasungu. M'zaka za 2019 ndi 2020 odwala mtundu umenewu anachuluka m'Malawi kuposa m'dziko lina liri lonse. Anyamata athu amene apita kukagwira nchito m'minda ya fodya ya m'malire mwa nkhalangozi, ndi oyendetsa galimoto za alendo oona nyama, achenjere.

Zizindikiro zake ndi izi: pamene panaluma nchenche pachita chotupa chofiira chowawa ngati chithupsa, patapita sabata limodzi kufikira atatu thupi litentha kwambiri, mutu uwawa, ndipo mwanabere atupa. Musadikire kuti muone kuodzera, pakuti kugona usana ndi kusowa tulo usiku kudza pamene kachirombo kalowa kale mu ubongo. Popanda mankhwala munthu afa m'masabata kapena m'miyezi yochepa. Kachida ka malungo sikaona kaodzera. Afunika munthu woyang'ana mwazi pa maikulosikopu, ndipo iye ayang'anitsitsa bwino akauzidwa chimene afuna.

Kale amene nthenda inawafika mu ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala aukali a arsenic amene okha ankapha pafupifupi mmodzi mwa odwala 20. Tsopano alipo mankhwala akumwa, fexinidazole, kamodzi pa tsiku pamodzi ndi chakudya kwa masiku 10. Anayesedwa pa chipatala cha boma ku Rumphi ndi ku Uganda, ndipo mu 2024 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linabvomereza kuti akhale oyamba kupatsidwa kwa odwala ambiri. Sagulitsidwa m'sitolo, aperekedwa kuchipatala kokha.

Likodzo, nthenda yofatsa

Malungo ndi kaodzera zithamanga, koma likodzo liyenda pang'onopang'ono. Nyongolotsi yake anaipeza Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851. Wodwala akakodza kapena kudzithandiza m'madzi, mazira aswa, ndipo tiana tilowa mu nkhono za m'madzi. M'menemo tichuluka, ndipo tituluka kukasambira. Munthu akalowa m'madzimo kusamba, kuchapa, kuoloka kapena kukoka khoka, tiboola khungu lake popanda bala. Tikula m'mitsempha ya mwazi, ndipo nyongolotsi zazikulu zikhala m'menemo zaka zambiri, kuikira mazira tsiku ndi tsiku. Mazirawo ndiwo abvulaza chikhodzodzo, matumbo ndi chiwindi.

Anthu amene sanakulire m'mbali mwa madzi otere nthawi zina liwagwira moopsa. Mu 1992 anthu awiri a ku America a bungwe la Peace Corps, amene anasambira ku Cape Maclear, anadwala kwambiri, mmodzi mazira atalowa mu ubongo, wina mu mtsempha wa msana. Pofufuza pambuyo pake alendo okhala m'dziko muno, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu ali onse anali ndi chizindikiro cha likodzo m'mwazi, ngakhale ambiri sanamve kudwala. Ife a kumapiri tisadziyese osiyana nao kwambiri. Amene atsikira ku nyanja kukagula usipa, amene apita ku Cahora Bassa kapena ku Kariba kukapha matemba, ndi amene agwira nchito m'minda yothirira ya nzimbe ndi mpunga, onsewa aponda madzi a nkhono. Ndipo m'madambo ena a kuno komwe nkhonozo zirimo.

Wina amva kuyabwa tsiku lomwelo. Wina atentha thupi, atsokomola ndi kutuluka zidzolo patapita masabata awiri kufikira asanu ndi atatu. Koma ambiri samva kanthu kufikira ataona mwazi kumapeto kwa mkodzo. Mwamuna atha kuona mwazi mu umuna. Mkazi atha kumva kuwawa m'chinena, kutaya mwazi pakati pa mwezi, kapena kusowa mphatso ya mwana. Apa mabanja ambiri asokonezeka, pakuti mkazi ayesa mwamuna wabwera ndi nthenda ya chiwerewere, ndipo mwamuna naye akayika mkazi, pamene wolakwa ndi nkhono ya m'madzi. Musaweruzane musanayezetse, ndipo musabise. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Likodzo losiyidwa zaka zambiri liononga impso, ndipo litha kubala khansa ya m'chikhodzodzo.

Pa nthenda iyi mwambi uja ukwanira, wakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mazira saoneka mu mkodzo kufikira patapita miyezi iwiri kapena itatu chilowere m'madzi, ndipo mankhwala ake, praziquantel, apha nyongolotsi zazikulu koma sapha tiana. Kotero kumwa mankhwala tsiku lobwera ku nyanja nkutaya chabe. Werengani miyezi itatu, ndipo mupite. Koma mukadwala isanakwane, pitani pomwepo. Mkodzo woyenera kuyeza ndi wa pakati pa usana, kuyambira 10 koloko kufikira 2 koloko, pakuti ndi nthawi imene mazira atuluka ambiri. Mankhwala aperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iri yonse, tsiku limodzi, atadya. Ana a sukulu alandira mankhwalawa ku sukulu; koma atate ao amene anali ku Cahora Bassa palibe awapatsa, akapanda kupita okha.

Za m'mimba

Wapaulendo adya chimene wapeza, namwa madzi amene wapatsidwa. Akabwera ndi kutsegula m'mimba, choyamba ndi kubwezeretsa madzi m'thupi ndi Thanzi. Ndipo ngati chimbudzi chiri cha madzi okhaokha ochuluka, thamangani naye, pakuti itha kukhala kolera. Kamwazi ali ndi zoyambitsa zingapo, ndipo chimodzi ndi kachirombo kotchedwa amoeba, kamene kachiritsidwa ndi metronidazole, amene ambiri amdziwa ndi dzina la Flagyl, ndi mankhwala ena otsuka m'matumbo pambuyo pake. Kachirombo aka nthawi zina kakwera ku chiwindi nikachita thumba la mafinya, patapita miyezi. Mwamuna wotentha thupi ndi kumva kuwawa pansi pa nthiti za kumanja anene za maulendo ake onse a chaka chimenecho.

Njoka zina zilowa ndi chakudya chosatsuka. Zina ziboola phazi la munthu woyenda wopanda nsapato pa dothi lonyowa pamene anthu adzithandiza, ndipo zikafika m'matumbo ziyamwa mwazi, munthu nayera m'manja ndi kufooka. Zambiri mwa izi zifa ndi m'bulu umodzi wa albendazole wa mamiligalamu 400. Koma ilipo ina yaing'ono, strongyloides, imene iswana m'thupi momwemo osatuluka: asilikali a ku Britain amene anagwidwa ukapolo ku Thailand ndi Burma pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anapezeka nayo patapita zaka zoposa 30. Iyo ifuna mankhwala ena, ivermectin. Mwa ichi muone kuti ngakhale ulendo wakale uyenera kutchulidwa.

Tinenenso za nkhumba, pakuti ife ndi abale athu a ku Angonia, tsidya la malire, tiweta nkhumba ndi kugulitsana nyama. Mukaona m'nyama timatuza toyera ngati njere za mpunga, timene abale a ku Chipata atcha masese, musadye ndipo musagulitse. Wodya nyama yotere yosapsa bwino amera njoka yaitali yaphanthi m'matumbo, imene itaya zidutswa m'chimbudzi. Choopsa chachikulu ndi mazira a njokayo: akafika m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi, atha kukachita timatuza mu ubongo, ndipo munthu ayamba kugwa khunyu ali wamkulu. Kotero munthu mmodzi wa njoka atha kudwalitsa a m'nyumba mwake, ngakhale amene sadya nkhumba. Woona zidutswa m'chimbudzi akalandire mankhwala, ndipo woyamba khunyu atakula apite naye kuchipatala. Chimbudzi chikhale pa khomo liri lonse, ndi nkhumba m'khola.

Mau oti munene kwa dotolo

Tsono pofika kuchipatala, musangoti, "Ndamva malungo." Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ndi mapepala kapena mabotolo a mankhwala ali onse amene munalandira kunja, ndipo musanafunsidwe nenani zinthu zisanu izi.

Choyamba, maiko ndi malo onse amene munapita, pamodzi ndi pamene munagona m'njira. Chachiwiri, tsiku limene munanyamuka, limene munafika, ndi limene munayamba kudwala, pakuti dotolo awerenga masiku monga mlimi awerenga kuyambira tsiku lobzala. Chachitatu, zaka zimene munakhala kunja kwa dziko la malungo. Chachinai, ngati munalowa m'madzi a nyanja, a mtsinje kapena a m'ngalande, ngati munalumidwa ndi kashembe, ndi ngati munadya nyama yokayikitsa. Chachisanu, mankhwala onse amene mwamwa kale, a m'sitolo ndi a zitsamba omwe, pakuti ena abisa nthenda poyeza, ndipo ena sayanjana ndi a kuchipatala.

Alipo ena amene aopa kunena, chifukwa anaoloka malire popanda mapepala, kapena analowa m'nkhalango mobisa. Abale, dotolo afunsa kuti achiritse; musalole mantha akutsekeni pakamwa pamene moyo uli pa ngozi. Ndipo wodwala akafooka kotero kuti satha kulankhula, inu amai, inu akazi ake, inu amalume amene mwamperekeza, ndinu pakamwa pake. Chifukwa chake mfunseni za ulendo wake tsiku lomwelo wafika, pamene ali kuseka ndi kugawa mphatso, ndipo mwana wa sukulu alembe malo ndi masiku pa pepala.

Dziwaninso kuti si kutentha thupi konse kuchokera ku tizirombo timene tatchula. Chifuwa chachikulu, chimene chinatsata ambiri a ku migodi, ndi taifodi, ndi nthenda zina, nazo zibwera ndi apaulendo. Ndicho chifukwa chake tikaniza kugula mankhwala mongoyerekeza. Dotolo akayeza napanda kupeza, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, pitani osanyinyirika.

Polandira ndi potsanzika

Pomaliza, pali zing'onozing'ono zimene nyumba iri yonse itha kuchita. Mwana akanena kuti abwera, mkonzereni neti yopanda chiboo, ndi ina ya adzukulu, ndipo agonemo kuyambira usiku woyamba. Amene wakhala zaka ku Joni afunse kuchipatala kapena kogulitsa mankhwala kumeneko za mibulu yoteteza malungo asananyamuke, pakuti iyenera kuyambidwa ulendo usanayambe ndi kupitirizidwa atabwerera. Wopita ku nyanja atunge madzi osamba pa mjigo. Akasowa, awawiritse, kapena awasunge m'ndowa masiku awiri, pakuti tiana ta likodzo sitikhala moyo nthawi yaitali kunja kwa nkhono ndi munthu. Nsapato zikhale ku mapazi, manja asambidwe ndi sopo, ndi nyama ipse bwino.

Akulu anati mlendo ndi mame. Mwana wanu wabwera masabata atatu kapena anai okha, ndipo abwerera. Tifuna abwerere ndi mphamvu monga anadzera, ndi kuti chaka chamawa nthungululu zidzamvekenso pa khomo panu. Sungani pepala lija la malo ndi masiku, ndipo thupi lake likatentha, tsiku lomwelo mumperekeze kukayezetsa. Muwerengereko nkhani iyi anansi amene satha kuwerenga, makamaka amene ana ao ali panjira.